Chizimalupsa

Dzinali ndi lophatikiza mawu awiri: kuzima ndi lupsa. Lupsa ndi tchire lomwe lapsa ndi moto m'chilimwe. Choncho chizimalupsa ndi mvula yoyamba, yogwa cha mu Okutobala dzuwa litafika poswa mtengo, imene imathimitsa moto wolusa ndi kutsuka phulusa m'mapiri a ku Blantyre monga Soche, Ndirande ndi Michiru.

Mvulayi imabwera ndi mphepo ndi mabingu, koma sikhalitsa. Ikangogwa, fumbi limatha m'misewu ya ku Namiwawa, msipu umaphukira, ndipo eni timinda ta kuseri kwa nyumba amayamba kufunafuna mbewu. Apa mpamene ambiri amapusitsika. Nthaka imanyowa pamwamba pokha, kenaka dzuwa limabwerera kwa masabata angapo, chimanga chomera n'kupserera.

Mvula yobzalira m'chigawo chakummwera kawirikawiri imayamba pakati pa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala. N'chifukwa chake nthambi ya boma yoona zanyengo, yomwe likulu lake lili mu Blantyre, imachenjeza alimi kuti asathamangire kubzala.

Chizimalupsa chikagwa, malizitsani mizere, gulani mbewu ndi feteleza, koma dikirani mpaka chinyezi chilowe pansi.