Maphunziro a za anyani ndi apusi

Awa ndi maphunziro ofufuza moyo, khalidwe ndi matenda a nyani, pusi, nchima ndi changa. Wofuna ntchito yofufuza nyamazi ayenera kukhoza bwino Biology pa mayeso a MSCE. Akatero angaphunzire udokotala wa zinyama ku LUANAR, sayansi ya zamoyo ku University of Malawi ku Zomba, kapena kasamalidwe ka nyama zakutchire ku Malawi College of Forestry and Wildlife ku Dedza.

Ku Lilongwe Wildlife Centre, pakati pa Old Town ndi City Centre, anyani ndi apusi olanditsidwa kwa anthu amapimidwa, kuzolowezedwa kukhala m'magulu, kenako kubwezeredwa kutchire, monga ku Kasungu National Park, komwe ofufuza amawalondola. Ntchito zimapezeka kunthambi yaboma yoona za nyama zakutchire, ku bungwe la African Parks ndi m'mayunivesite.