Buluku la Amayi Likadali M'sutikesi

Loweruka lapitali ndinawatenga amayi kukadya m'tauni. Kunali chiperoni chenicheni, chija chimabisa phiri la Soche ndi la Ndirande tsiku lonse, mawawa osaleka. Mphepo imeneyitu dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, kuseri kwa Mulanje, ndipo ikafika mu Blantyre mu Juni ndi Julaye siyang'ana kuti uyu ndi bwana. Ine ndinavala jinzi, juzi ndi jekete ya pakaunjika yogula ku Limbe. Amayi anatuluka kuchipinda atavala diresi, majuzi awiri, masokosi ofika m'mawondo, chitenje pamwamba, duku kumutu.

"Amayi, nanga buluku lija ndinakugulirani? Miyendo iuma nako kuziziraku."

"Lili m'sutikesi, likusungika bwino. Tiye, mwanawe, kunja kukuda."

Bulukulo latha zaka zinayi m'sutikesimo. Kale ndinkangoti ndi makani a anthu akuluakulu. Koma usiku umenewo, titakhala patebulo kudikira chambo, ndinayamba kulumikiza nkhani zomwe akhala akundiuza pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti ulendo wathu waufupiwu, kuvala, kutuluka madzulo, kukhala pansi n'kuitanitsa chakudya, uli ndi mbiri yake.

Tiyambire patebulo pomwepo. Agogo anga aamuna ankagwira ntchito yoperekera zakudya pa hotela ina m'nthawi ya atsamunda. Ankadziwa mbali yoika foloko ndi mbali yoika mpeni, koma mpando wa m'chipinda chodyeramo sanaukhalirepo. Munthu wakuda ankalowa malo otero kudzera kukhitchini. N'chifukwa chake nkhani ya mu Januwale 1960 ankaikonda kwambiri. Nduna yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, inabwera ku Nyasaland ndipo inakonzeredwa nkhomaliro pa Ryall's Hotel. Alendo akudya m'kati, panja panasonkhana anthu, amayi ndi atsikana omwe, akufuula kuti Dr Banda atulutsidwe kundende ya Gweru. Apolisi analimbana nawo atolankhani akunja akuonerera, nkhani n'kufika m'manyuzipepala a ku London. Pa 1 Epulo chaka chomwecho Kamuzu anatulutsidwa. Agogo akamafotokoza ankangomaliza ndi mawu akuti tsiku limenelo azungu chakudya sichinawatsike bwino.

Ufulu unabwera pa 6 Julaye 1964, m'kati mwa chisanu. Zitseko za mahotela zinatseguka kwa aliyense wokhala ndi ndalama. Koma patangopita zaka zisanu ndi zinayi, mu 1973, boma lomwelo linakhazikitsa lamulo la kavalidwe. Mkazi sankaloledwa kuvala buluku pagulu, ngakhale siketi yoonetsa mawondo. Amuna nawo tsitsi lalitali linali mlandu. Mwini dziko ankayenda atavala suti ya zidutswa zitatu ndi chipewa cha ku Ulaya, wofunda bwinobwino, pamene mbumba yake inkavina m'mabwalo itakulunga nsalu za nkhope yake. Amayi anali ndi zaka 18. Amati anali ndi buluku limodzi la bulawuni lomwe anasoketsa kwa telala wa pakhonde, ndipo analivala kawiri kokha. Lamulo litabwera, agogo aakazi analidula n'kusokera achimwene awo kabudula.

Ndiye taganizirani mtsikana wa ku Ndirande mu Julaye wa 1976, akupita kukanema ku Apollo ndi mnyamata yemwe pambuyo pake anadzakhala bambo anga. Kumtunda wafunda juzi yoluka yekha. Kumunsi mphepo ikungolowa mmene ikufunira. Nthawi imeneyo wailesi yakanema kunalibe, TVM inadzayamba mu 1999, choncho wofuna kuona dziko lakunja ankaliona pansalu yoyera ija. Filimu isanayambe aliyense ankaimirira, nyimbo ya fuko ikulira, Kamuzu akuoneka akubayibitsa anthu. Ndipo filimuyo inkafika itadutsa kale m'manja mwa bungwe lounika mafilimu ndi mabuku lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968. Mwamuna ndi mkazi akangoyandikizana milomo, chithunzi chinkadumpha, n'kuwapeza ali pagalimoto kwina. Anthu ankaimba miluzu, ena kuseka.

"Koma mabuluku sankatha kuwadula," amayi anatero uku akuchotsa minga m'chambo. "Akazi a m'mafilimu ankavala, ife n'kumangowayang'ana. Tikatuluka, bambo ako ankandigulira chipisi, tikudya tikuyenda, ine mano akugundana."

Ndinawafunsa ngati anaonapo Mmalawi pansalu ija. Anati ayi, kupatula Ngwazi ndi amayi ovina. Ena onse anali a karate, ma cowboy ndi Amwenye oimba m'mapiri.

Apa mpamene ndimaona kuti tachokera kutali. Mu 2010 Tapiwa Gwaza analandira mphoto ya Africa Movie Academy Awards ku Nigeria chifukwa cha mbali yomwe anachita mu Seasons of a Life, filimu ya Shemu Joyah. Mu 2016 Joyce Mhango Chavula anakalandira mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice Awards ku Lagos, filimu yake yotchedwa Lilongwe itapambana m'chigawo cha kumwera kwa Africa. Mu 2018 mphoto yomweyo inabweranso kumudzi ndi The Road to Sunrise ya Joyah, nkhani ya akazi awiri oyendayenda m'misewu ya Blantyre yemweyu. Filimu ngati imeneyo mu 1976 lumo likanaimaliza yonse. Chomvetsa chisoni n'chakuti mafilimu athu anafika pamene nyumba zakanema zakale zinali zitatseka, ndipo ambirife tinawaonera pa DVD kapena pafoni, titafunda bulangete pabalaza.

Lamulo la kavalidwe linathetsedwa mu 1993, chaka cha riferendamu. Voti ija inachitika pa 14 Juni, nthawi yozizira ngati ino. Amayi anadzuka mbandakucha, ine ndili kumsana, n'kukaima pamzere kuti asankhe pakati pa tambala wakuda ndi nyali. Anasankha nyali. Zaka zotsatira mabelo a kaunjika anasefukira m'misika, ndipo majekete a ubweya, mabuti, zipewa ndi majinzi zinafika pamtengo woti wa ku Bangwe n'kukwanitsa. Mbadwo wathu unakula ukuona buluku ngati chovala basi.

Tinkaganiza choncho mpaka Januwale 2012, pamene magulu a anyamata, ambiri mwa iwo ogulitsa malonda m'misewu, anayamba kuvula akazi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi ku Lilongwe, Mzuzu ndi kuno ku Blantyre. Lamulo linali litafa zaka pafupifupi 20 m'mbuyomo, koma m'mitu ya ena linali likadali moyo, ena mwa iwo oti 1973 sanaione n'komwe. Akazi anasonkhana mu Blantyre kutsutsa zimenezi, ambiri atavala mabuluku dala, ndipo Joyce Banda, yemwe anali wachiwiri kwa pulezidenti, anali nawo. Sabata imeneyo amayi anandiimbira foni katatu. Mawu anali amodzi: "Usatuluke wopanda chitenje m'chikwama."

Tikumwa tiyi pomaliza ndinawafunsa mosapita m'mbali. "Amayi, kodi mukuopabe?"

Anaika kapu pansi. "Ine ndinavotera nyali kuti munthu azivala chomwe mtima wake wafuna. Wanga ukufuna chitenje. Vuto lili pati?"

Ndinalibe choyankha. Mwina akunena zoona. Mwinanso munthu ukaletsedwa chinthu kuyambira zaka 18 mpaka 38, thupi limazolowera, n'kuyamba kuyesa kuti ndi kufuna kwake. Sindingawaweruze, chifukwa chikwama chomwe chinali pamiyendo panga usiku umenewo chinali ndi chitenje m'kati, chopindidwa bwino pansi pa chikwama cha ndalama. Chakhala chikusamuka kuchoka m'chikwama china kupita m'china kuyambira 2012, ndipo palibe lamulo lomwe linandiuza kutero.

Woperekera zakudya, kamnyamata kaulemu, anabweretsa bilu n'kuipereka kwa amayi poona kuti ndiwo aakulu. Anaiyang'ana, n'kupukusa mutu, n'kundikankhira. Koma ndinawaona akutulutsa kandalama pamfundo ya chitenje n'kumufumbatitsa mnyamatayo m'manja. Sananene kanthu, koma ndikudziwa amene ankamukumbukira.

Panja chiperoni chinali chitakula, magetsi a mu Victoria Avenue akungooneka mbuu. Jinzi ija sinathandize. Tikudikira galimoto, ndinatsegula chikwama, n'kutulutsa chitenje chija, n'kukulunga m'chiuno. Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Nanga buluku lako lija silikufunditsa?"