Zenofobiya: liwu ndi lachilendo, nthenda ndi yakale

Mu Meyi 2008, magulu a anthu ku Alexandra, mumzinda wa Johannesburg, adayamba kusaka anthu obwera, kuwamenya ndi kuwotcha nyumba zawo. Ziwawazo zitafalikira m'dziko la South Africa, anthu 62 adaphedwa. Mmodzi mwa iwo, Ernesto Nhamuave wa ku Mozambique, adamutentha wamoyo. Makolo a ku Milange ndi ku Muloza, pamalire a Mozambique ndi Malawi, omwe ana awo ali ku Joni adayamba kutchera khutu ku wailesi, ndipo liwu loti zenofobiya lidakhazikika pakamwa pawo.

Liwuli lidayamba kuoneka m'Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Adalipanga polumikiza mawu awiri a Chigiriki: xenos, kutanthauza mlendo, ndi phobos, kutanthauza mantha. Koma lero likatchulidwa, anthu saganiza za mantha ayi. Amaganiza za chidani chija chofika ponyamulira mnzako chikwanje chifukwa choti adabadwira kwina.

Kunyoza obwera kudafika m'dera lino liwulo lisanamveke. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Alomwe ambiri adathawa msonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi, nakalowa m'maesiteti a ku Mulanje ndi ku Thyolo. Kumeneko adakapeza thangata komanso dzina lachipongwe loti Anguru. Mu 1943, Lewis Bandawe ndi anzake adayambitsa bungwe la Alomwe, ndipo atadandaula, boma la atsamunda lidasiya kugwiritsa ntchito dzinalo.

Malire omwewa adaonetsanso kuti chidani si chibadwa. Asilikali a Renamo atalanda tauni ya Milange mu 1986, anthu adawolokera ku Muloza, amayi ana ali kumbuyo, mapoto ndi mphasa zili pamutu. Ena adakhala kumsasa wa othawa nkhondo, koma ambiri adalandiridwa m'midzi, kwa amalume ndi apongozi olankhula Chilomwe kapena Chinyanja ngati iwo omwe. Pamene Frelimo ndi Renamo ankasayinirana mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, dziko la Malawi linali likusunga anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni, lili losauka momwemo.

Lero pachipata cha Muloza pamadutsa njinga zolemedwa ndi matumba a chimanga ndi nandolo, ndipo wogulitsa pamsika wa Milange amalandira kwacha ndi metikali yomwe. Komabe mitengo ikakwera kapena katundu akabedwa, chala sichichedwa kuloza wa tsidya lina. Apa ndi pomwe mafumu ndi akuluakulu a misika ayenera kudzudzula msanga, chifukwa ku Alexandra nako zidayamba ndi kulozana zala. Inu amene mukuti mnzanu ndi wobwera, kafunseni agogo anu kuti banja lanu lidawoloka liti.