Mawu a Alimi a Geraldton Wax

Munthu akatikita tsamba la gwafa kapena la bulugamu, m'zala mumatsala fungo. Fungolo limachokera m'timatumba ta mafuta tobisika m'tsamba, ndipo ndi chizindikiro cha banja la zomera lomwe akatswiri amalitcha Myrtaceae. M'banja lomweli muli chitsamba cha ku Western Australia chotchedwa Geraldton wax, chomwe chimamera chokha m'michenga ya kumpoto kwa mzinda wa Perth.

Dzina lake la sayansi ndi Chamelaucium uncinatum, lomwe Johannes Schauer adapereka mu 1844. Liwu loyamba limanena za gulu, lachiwiri limaloza mtundu weniweniwo. Masamba ake ndi owonda ngati singano, opindika kunsonga. Duwa lililonse lili ndi timasamba tisanu tolimba, tosalala ngati phula, toyera, tapinki kapena tofiirira.

Alimi amakonda kunena za cultivar, kutanthauza mtundu umene anthu adasankha n'kuupatsa dzina, monga Purple Pride. Mtundu wotere sausunga pofesa, chifukwa njere zake zimavuta kumera ndipo zikamera sizifanana ndi kholo. Choncho amadula kanthambi kongoyamba kukhwima, n'kukapulula masamba akumunsi, kukaviika m'mankhwala othandiza kutulutsa mizu, kenako kukazika mumchenga wonyowa pang'ono. Kanthambiko ndiko amati cutting.

Liwu lomwe amaliwopa kwambiri ndi dieback, kufota koyambira kumizu. Amayambitsa ndi Phytophthora cinnamomi, kachilombo kofanana ndi chuku komwe kamayenda ndi madzi m'dothi. Mizu ikawola, chitsamba chimauma ngati chasowa madzi, ndipo mlimi wosadziwa amathirira kowonjezera n'kuchimaliza. N'chifukwa chake nkhani ya dothi losasunga madzi siichoka pakamwa pawo. Kumalo a dongo amaunda mizere yaitali, kapena amamezanitsa nthambi yabwino pa tsinde la mtundu wopirira matenda.

Kudulira nako kuli ndi malire. Maluwa akatha, amachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a nthambi, koma safika pa mtengo wokalamba wopanda masamba, poti pamenepo sipaphuka msanga.

Maluwa odula amakhalitsa kupitirira sabata m'madzi, bola atalikirane ndi zipatso zakupsa, zomwe zimatulutsa mpweya wa ethylene woyoyola maluwa. Kukhalitsa kumeneku ndiko kudakopa alimi a ku Israel, California ndi South Africa, omwe lero amalima chitsambachi m'minda ikuluikulu n'kumagulitsa kwa okonza maluwa a paukwati.