Mmene Makolo Ankayesera Madzi pa Phiri la Dedza

Phiri la Dedza, lotalika mamita pafupifupi 2,200, lakhala likumwetsa anthu kuyambira kalekale. Akafula, amene anasiya zojambula zofiira m'mapanga a Chongoni, ankamwa pa akasupe a m'mapiri ano. Pambuyo pawo kunabwera Achewa, ndipo m'zaka za m'ma 1800 kunafika Angoni ndi Ayao. Kwa onsewa, malo omangapo mudzi ankadalira madzi, ndipo madziwo ankayamba ayesedwa.

Chipangizo choyesera chinali maso. Mkulu akafika pa khwawa ankayang'ana mitengo ya m'mphepete: katope, mkuyu ndi chiwale zinkasonyeza kuti madzi saphwa ngakhale m'chilimwe. Kenaka ankavundukula miyala. Akapeza nkhanu ndi tizilombo tambirimbiri tokakamira kunsi kwa mwala, mchenga ukuonekera pansi, ankadziwa kuti madziwo ndi amoyo. Koma pamene panachuluka ndere, misundu ndi matope onunkha, pankasiyidwira ziweto. Kupezeka kwa mlamba sikunali umboni, pakuti nsombayi imapirira ngakhale m'chithaphwi.

Nzeruzi zinkatetezedwa ndi mwambo. Potunga madzi akumwa pankakhala kumtunda, posamba ndi pochapa kumunsi. Kutsuka mphika wamwaye pa kasupe kapena kudula mtengo pamenepo kunali kulakwira mizimu, ndipo ana ankachenjezedwa kuti kasupeyo adzaphwa.

Boma la atsamunda litaika Chongoni kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1924, ndi Phiri la Dedza mu 1926, udindo wosamala magwero a madzi unayamba kuchoka m'manja mwa mafumu kupita kwa alonda a nkhalango. Pambuyo pake m'mapiri munadzalidwa paini. Anthu atachuluka, minda ndi madimba zinafika m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, makala nawo n'kumadya mitengo yachilengedwe. Dothi lokokoloka limakwirira miyala imene tizilombo tija timakhalapo, ndipo limatsikira mu Linthipe mpaka ku nyanja ku Salima, n'kukafotsera timiyala timene mpasa imaikirapo mazira.

Lero akatswiri a zamadzi nawonso amavundukula miyala. Njira ya miniSASS, yochokera ku South Africa, imaphunzitsa ngakhale ana asukulu kugwira tizilombo ta mumtsinje ndi kaukonde, kutisiyanitsa m'magulu, n'kuona ngati tija tosapirira uve tilipo. Mpasa ndi nkhanu sizinama: zikathawa, ndiye kuti mtsinje wadwala, ngakhale madzi ake aoneke oyera.

Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malo 127 a zojambula za Chongoni m'kaundula wa chuma cha dziko lonse. Zojambulazo zili pa thanthwe, koma luso lowerenga mtsinje lili m'mitu ya agogo okha. Lidzapulumuka pokhapokha mdzukulu atatsagana nawo kudambo, n'kuvundukula mwala ndi dzanja lake.