Khadi la Kongeresi ndi Mboni za Yehova

Amene adaphunzira sukulu nthawi ya Kamuzu angakulakatulireni ngodya zinayi ngakhale mutawadzutsa pakati pa usiku: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Taonani bwino ziwiri zapakatizo. Ndi mawu omwewo amene abusa amafuula pa guwa Lamulungu lililonse. Akhristu ambiri sadaone vuto pamenepa; kum'mawa ankamvera Chauta, dzuwa likapendeka ankaombera m'manja Ngwazi. Koma padali gulu lina limene lidafunsa kuti: nanga awiriwa akasemphana, munthu agwadire uti?

Gululi ndi Mboni za Yehova, aja akuluakulu ankawatcha a Chitawala. Sadali alendo kuno. Elliot Kamwana adabwera ndi chiphunzitso cha Watch Tower ku Nkhata Bay mu 1908, ndipo atabatiza anthu miyandamiyanda, atsamunda adamugwira n'kumuchotsa m'dziko mu 1909. Ndiye kuti kukangana ndi boma sadakuyambire pa Kamuzu ayi.

Chidautsa mapiri pachigwa ndi kakhadi. Malawi atakhala dziko la chipani chimodzi mu 1966, khadi la Kongeresi lidasanduka kiyi wa moyo. Ayufi ankaima pa chipata cha msika, pokwerera basi, pena ndi pa chipatala pomwe. Ulibe khadi, bwerera. Amayi athu amasimba kuti woyembekezera ankauzidwa kugulanso lina la mwana wa m'mimba. A Mboni adati msonkho tipereka, malamulo tisunga, pakuti za Kaisara n'za Kaisara. Koma khadi ndi chizindikiro choti munthu walowa ndale, ndipo ife tidalumbira kale ku Ufumu wina. Basi, mlandu wake udali umenewo. Sadanyamule mfuti, sadayambitse chipani.

Chipwirikiti chidayamba kale mu 1964, pamene nyumba zawo ndi Nyumba za Ufumu zambiri zidatenthedwa. Mu Okutobala 1967 boma lidaletseratu mpingowo, amishonale awo n'kuthamangitsidwa. Koma moto weniweni udabuka mu Seputembala 1972, msonkhano waukulu wa chipani utagamula kuti a Mboni achotsedwe ntchito m'boma ndi m'makampani, ndipo okhala kumudzi apirikitsidwe. Zimene zidatsatira n'zovuta kuzilemba m'nyuzipepala yowerenga ndi ana. Nkhokwe zidapsa, mbewu zidazulidwa, amuna adamenyedwa mpaka ena kufa, amayi adagwiriridwa. Ndipo omenyawo sadachokere kutali. Nthawi zambiri adali anyamata a m'mudzi momwemo, odziwa dzina la munthu aliyense amene ankamukwapula.

Anthu pafupifupi 20,000 adawolokera ku Zambia n'kukaunjikana pa msasa wa Sinda Misale. Madzi adali oipa, ndipo mazanamazana, makamaka ana, adatsikira kuli chete komweko. Pofika Disembala chaka chomwecho adawakweza malole kuwabwezera kwawo, komwe khadi lija linkawadikira. Adathawanso, ulendo uno ku Mozambique, kumisasa monga wa Mlangeni. Mu 1975 Frelimo italanda boma, idafuna kuti nawonso azikweza nkhonya ndi kufuula mawu a chipani. Adakananso. Adabwezedwa, ndipo ambiri adakathera m'ndende, makamaka ku Dzaleka m'boma la Dowa.

Apa ndiime kaye, chifukwa wina anena kuti: aaa, amenewa adali ouma mutu chabe, kakhadi ka matambala ochepa mpaka kuphetsa ana? Funso limeneli si lachibwana. Inenso sindine wa Mboni, ndipo pali ziphunzitso zawo zimene sindigwirizana nazo. Tate amene adagula khadi kuti mwana wake alowe m'chipatala sindingamuponye mwala. Komatu tikamaphunzitsa ana ku Sande sukulu za Sadrake, Mesake ndi Abedinego, sitinena kuti adali ouma mutu. Kugwada kamodzi pamaso pa fano la Nebukadinezara kukadatha mphindi zingati? Petro ndi anzake, atawopsezedwa ndi akulu a bwalo ku Yerusalemu, adasankha kumvera Mulungu koposa anthu, ndipo timawatama. N'chifukwa chiyani nkhani yomweyo ikachitikira ku Lilongwe kapena ku Mulanje timaitcha mwano? Kapena chikhulupiriro chimakoma chikakhala m'buku, osati pakhomo loyandikana nalo?

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chete wa ena onse. Mipingo ikuluikulu, imene idali ndi sukulu, zipatala ndi maguwa m'dziko lonse, siidamveke ikufuula pamene anansi ake ankathawira kutchire ndi ana kumsana. Mwina adati za a Chitawala n'zawo. Adaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika atawerengetsa kalata yawo ya m'nyengo ya Lenti, chipani chomwechija chidakhala pansi kukambirana zowapha, makina osindikizira a Montfort ku Balaka adatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adapirikitsidwa m'dziko. Kulimba mtima kwa maepiskopiwo nkosakanika, ndipo dziko limakukumbukira chaka ndi chaka. Koma padali patadutsa zaka 20 chithawireni anthu ku Sinda Misale, ndipo iwo sakumbukiridwa kawirikawiri.

Zaka zonsezo a Mboni otsala m'dziko ankasonkhana mobisa, usiku kapena kutchire, mabuku awo akulowa mozemba kudzera m'malire. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adasankha zipani zambiri pa referendamu, voti imene a Mboni, malinga ndi chikhulupiriro chawo, sadaponye nawo. Pa 12 Ogasiti chaka chomwecho chiletso chidachotsedwa, patatha zaka pafupifupi 26. Khadi lija lidangofa lokha, palibenso adalifunsa pa msika. Dzaleka nayo idasiya kukhala ndende. Mu 1994 idasanduka msasa wa anthu othawa nkhondo kwawo, ochokera ku Rwanda, Burundi ndi Congo.