Kuchokera ku Ndende Kufika ku Chirunga

Mwana wa ku Malosa akauza makolo kuti akukatenga digiri ya saikoloje ku Chirunga, ambiri amafunsa kuti, "Ndiye uzikagwira ntchito ku Mento?" Funsoli lili ndi mbiri yake.

Mu 1910 boma la atsamunda linatsegula malo osungirako odwala misala ku Zomba, ndipo malowo anali mbali ya ndende yaikulu. Odwala ankayang'aniridwa ndi asilikali a ndende. Chipatala chenicheni chinadza mu 1953, koma mantha anali atamera kale mizu m'midzi ya m'chigwa cha Domasi.

Chancellor College inasamuka ku Blantyre kudza ku Zomba mu 1973. M'zaka za m'ma 1990, aphunzitsi ake a saikoloje, Stuart Carr ndi Malcolm MacLachlan, anafufuza chinthu chimene agogo athu ankachidziwa bwino: Mmalawi amatha kukhulupirira sing'anga ndi dokotala nthawi imodzi, mtima wake osagawanika. Kwa ine, apa mpamene phunziroli linayamba kulankhula za ife.

Chiyambire 2021 kolejiyi imatchedwa University of Malawi. Omaliza zaka zinayi zija ena amapereka uphungu kwa achinyamata, ena amalemba anthu ntchito m'makampani. Kumudzi amawafunsabe za Mento.